Lichero Silibwerera Lopanda Kanthu

Kalekale, ana inu, pamalo pano panalibe msika, panalibe chigayo, panalibe ngakhale nyumba imodzi. Linali tchire lokhalokha. Njira ziwiri za alenje zinkadutsana pansi pa mtengo wa mkuyu, ndipo kumunsi kwake kunali kasupe komwe nguluwe zinkamwa madzi. Dzina la malowo panalibe, poti panalibenso munthu woti alitchule.

Chaka china m'chilimwe kunafika mabanja atatu. Sanachokere kumodzi ayi. Anakumana panjira, onse akufunafuna malo olima, ndipo atapempha kwa eni dziko, anawalozera pamkuyupo.

Oyamba anali a Gwaza ndi akazi awo, Nankhoma, ochokera kuchigwa. A Gwaza anali ofatsa. Nankhoma ndiye ankalankhulira onse awiri. Akaseka iyeyo, nkhanga zinkauluka kudambo.

Wachiwiri anali Nagama, nayenso wa kuchigwa, mayi wamasiye wa mawu ochepa. Anabwera ndi mwana wake wamkazi wamkulu kale, khasu limodzi, ndi kathumba ka mbewu.

Achitatu anali a Kanyumbu ndi akazi awo, Nachisale, ochokera kumapiri. Iwowa anasenza chimanga cha mbewu ndi kamtolo ka mbewu ya mbatata, kamene anakaoka m'mbali mwa kasupe kuti kasaume. Nachisale anafika ali woyembekezera, ndipo mwana woyamba kubadwira pamalopo anali wake, wamkazi. Anamutcha Tikhale. Mchombo wa mwanayo utagwa, mayi ake anaukwirira pafupi ndi khomo, n'kunena kuti, "Basi, tamera."

Tsono mumve za a Kanyumbu. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala pachikamwini kwa akazi awo. Kumeneko munda unali wopempha, khasu lopempha, ngakhale nkhuku yoweta okha sankaipha asanapemphe apongozi. Tsiku lochoka analumbira, amvekere, "Dzanja langali silidzatambasukanso kwa munthu."

Musawayese munthu woipa ayi. Anali mmisiri woluka nsungwi. Asanamalize n'komwe nyumba yawo, anali atalukira Nankhoma lichero, Nagama lichero, osapemphedwa. Denga la Nagama anafolera ndi iwo. Kupatsa ankakudziwa bwino. Kulandira ndiye kunkawabaya ngati minga.

Mwezi wa dzuwa lija lotentha kwambiri, tchire litapsa, tsiku lina masana kunagwa mvula. Inagwa yamphamvu! Dothi linanunkhira, achule analira. M'mawa mwake a Kanyumbu anatsitsa mbewu yawo yonse kudenga kumene inkakolera utsi, n'kunyamula khasu.

A Gwaza anawaona.

"Achimwene, mukupita kuti ndi mbewu?"

"Kukabzala. Mvula simunaione?"

"Ndinaiona. Koma kuno si kumapiri. Imeneyi ndi chizimalupsa. Imangobwera kudzazima moto wa m'tchire, n'kubwerera kwawo. Mvula yeniyeni ikadali kutali."

"Kwathu dothi likanunkhira chonchi, wozengereza amakolola mapesi."

"Bzalaniko theka, achimwene. Theka musunge."

"Mbewu ya kudenga simera, a Gwaza."

Ndipotu sankanama. Kumapiri kwawoko mvula ikayamba sileka, nkhungu imagona m'minda mpaka kukolola. Iwo ankangochita zimene anaphunzira kwa makolo awo. Anabzala. Anabzala yonse, osasiyako ngakhale njere ya nkhuku.

Chimanga chinamera. Chinamera bwino, chobiriwira, mizere yowongoka ngati yoluka. Kenaka dzuwa linatuluka. Linawala masiku khumi. Linawala masiku ena khumi. Masamba anapindika ngati a anyezi. A Kanyumbu ankayang'ana kumwamba m'mawa, kuyang'ana kumwamba madzulo, kumwamba kuli mbee! Tsiku lina anagwira tsamba limodzi, ndipo linafumbutuka m'manja mwawo.

A Gwaza anali munthu wachifundo, koma chifundo chawo chinali chosadziwa kubisala. Anatenga kadengu ka mbewu masana dzuwa lili pamutu, n'kukaima nako pakhomo pa anzawo.

"Achimwene, nayi mbewu pang'ono."

"Ndinapempha?"

"Simunapemphe."

"Ndiye bwererani nayo. Munandiuza, sindinamve. Nkhwangwa yandilowa m'mutu ndekha, ndiizula ndekha."

A Gwaza anabwerera ndi kadengu kawo, mutu uli pansi.

Madzulo ake a Kanyumbu anauza akazi awo, "Mayi a Tikhale, mvula yeniyeni ikangogwa, ife tinyamuka. Sindingakhale pano ndikusuzumira minda ya anzanga ngati nyani."

"Tipita kuti, bambo?"

"Kumene miyendo ikafike."

"Nanga mchombo wa mwana uli pakhomopa?"

A Kanyumbu anangotenga nsungwi n'kuyamba kuluka dengu lalikulu, la paulendo.

M'mawa kukasupe, Nachisale ankathira madzi mumtsuko. Mtsuko unadzaza, iye akuthirabe. Madzi akusefukira kumapazi, iye akuthirabe. Nagama anamugwira dzanja pang'onopang'ono n'kumulanda chikho.

"Nenani, anzathu."

Nachisale ananena zonse.

Nankhoma, amene analinso pomwepo, anamanga nsalu m'chiuno. "Ndisiyeni ndikawaone alamu angawo! Munthu wamkulu ndevu pepeya, kukana mbewu ngati akukana mkazi wa mwini!"

"Mukakawakalipira amanga katundu lero lomwe," anatero Nagama. Anayang'ana madzi. Kenaka anafunsa, "A Nachisale, kodi kwanu kumapiri chinthu chobwereka chimabwerera bwanji?"

"Sichibwerera chopanda kanthu. Ukabwereka mbale, pobweza umaikamo ngakhale timtedza. Ndipo mwini wake sakana. Kukana n'kutukwana."

"Kwathunso n'chimodzimodzi," anatero Nagama.

Nankhoma anayang'ana Nagama. Anayang'ana Nachisale. Kenaka anaseka, nkhanga zonse kudambo pululu!

Tsiku lomwelo masana, a Kanyumbu ali pakhonde akuluka dengu lawo lija, anamva mawu.

"Odi kuno, alamu!"

"Odini, a Nankhoma."

"Ndibwerekeko lichero. Langa lathyoka mkombero."

"Lathyoka? Lichero loluka ine? Bwerani nalo ndilione."

"Iii, alamu, ndalikhalira mwangozi. Mukudziwa mmene Mulungu anandipatsira kumbuyoku. Ndikuchita nalo manyazi."

A Kanyumbu anayang'ana kumbali, n'kuuza akazi awo kuti apereke lichero.

Dzuwa litapendeka, lichero linabwera. M'kati mwake munali chimanga choyera chodzaza manja awiri.

"Ichi n'chiyani?"

"Lichero silibwerera lopanda kanthu, alamu. Kapena kwanu kumapiri kulibe mwambo?"

"Ulipo," anatero a Kanyumbu. "Ndi mwambo umenewo."

Nachisale analandira ndi manja awiri. Anakathira chimangacho mumtsuko wakale, n'kuwazamo phulusa kuti chisafumbwe.

Mawa lake kunabwera Nagama. Iyeyu kunama sankadziwa. Anaima kutali, chala cha kuphazi chikukumba pansi.

"Odi. Ndibwerekeko lichero."

"Lanu latani, amayi?"

"Lanyowa."

"Lanyowa ndi chiyani, dzuwa lonseli?"

"Lanyowa basi."

Lichero linapita, lichero linabwera. Ulendo uno munali kanjerenjere, chimanga chija cha njere zing'onozing'ono chimene chimacha msanga.

"Lichero silibwerera lopanda kanthu," anatero Nagama, maso ali pansi.

"Ndi mwambo umenewo," anatero a Kanyumbu.

Kuyambira pamenepo, ana inu, zinthu za m'nyumba ziwirizo zinayamba kuwonongeka modabwitsa. Lero chipande cha Nankhoma chang'aluka. Mawa nsengwa ya Nagama yadyedwa ndi chiswe. Mkuja lichero lathyokanso. Chipande chinabwera ndi nthanga za maungu. Nsengwa inabwera ndi khobwe. Tsiku lina Nankhoma anabwereka mthiko. Mthiko ulibe mimba yoikamo kanthu, koma unabwera atawumangirira chimanga chimodzi chofiirira, chosatonola, ngati mwana kumbuyo.

Chinthu chinkapita, chinthu chinkabwera. Mtsuko wa Nachisale unkakwera. Dengu la paulendo la a Kanyumbu nalonso linkakwera.

Tsiku lina m'mawa kunacha ndi mitambo. Mphepo inasintha, nyerere zinayamba kusamutsa mazira. A Kanyumbu anati akadule nsungwi zomalizira dengu, ndipo njira inawadutsitsa kuseri kwa nyumba ya a Gwaza. Kumeneko anamva phokoso limene ankalidziwa bwino: tsa, tsa, tsa. Atasuzumira, anaona Nankhoma akupeta mapira, akuimba. Lichero lake lija lothyoka linali m'manja, mkombero uli gwa, wosakhotako ndi pang'ono pomwe.

Nsungwi sanakadulenso. Anabwerera kunyumba, analowa m'kati, anavundukula mtsuko.

"Mayi a Tikhale! Ichi n'chiyani?"

"Ndi zobwera m'lichero, bambo."

"Mwandisandutsa wopemphetsa ndili m'nyumba mwanga momwe!"

Anakhuthulira zonse m'lichero, chimanga, khobwe, nthanga, phulusa lomwe. Anasenza, ulendo kwa a Gwaza.

"A Nankhoma! Tengani mbewu yanu. Lichero lanu ndaliona, lachira."

A Gwaza anakhosomola, n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene sichinatayike. Koma Nankhoma anagwada bwinobwino, analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, alamu."

Anakhuthulira zonse m'dengu lake. A Kanyumbu anadabwa kuti nkhondo yatha msanga chotere. Anatambasula dzanja kuti atenge lichero lawo.

"Dikirani kaye," anatero Nankhoma. "Mwandibweretsera chinthu m'lichero lanu. Ndikubwezereni lopanda kanthu? Amayi anga angatembenuke kumanda!"

Anabwezeramo zonse zija, n'kuwonjezera manja awiri.

"Kodi ndi masewera?"

"Ndi mwambo, alamu. Munanena nokha."

A Kanyumbu anakumbukira mwambo wa kwawo. Kukana n'kutukwana. Anasenza lichero, ulendo kwa Nagama.

"Amayi, tengani mbewu yanu. Zonsezi tengani."

"Zikomo," anatero Nagama. Anakhuthula. Anabwezeramo. Anawonjezera dzanja limodzi la nzama. "Lichero silibwerera lopanda kanthu."

A Kanyumbu anabwerera nalo kwa Nankhoma. Nankhoma anathokoza, anakhuthula, anabwezeramo, anawonjezera. Anathamanga nalo kwa Nagama. Nagama anathokoza, anakhuthula, anabwezeramo, anawonjezera.

"Bwerani nalonso, alamu!" anafuula Nankhoma. "Kwatsala mtedza!"

Lichero linali litalemera tsopano, mkombero ukulira. Thukuta lili kamukamu, a Kanyumbu anafika pakati pa nyumba zitatuzo, pansi pa mkuyu. Analitula pansi, nawonso n'kukhala pansi. Sanaseke. Anagwira kumaso ndi manja onse awiri.

Nankhoma ataona choncho, analeka kuseka. Onse anabwera pang'onopang'ono. Nachisale anabweranso, Tikhale ali kumbuyo.

Nagama ndiye anayamba. Anakhala pansi chapatali, miyendo atatambasula.

"A Kanyumbu, ndinakunamizani. Lichero langa silinanyowe. Tsopano ndinene zoona. Denga langa anafolera ndani?"

"Ndine."

"Lichero anandilukira ndani?"

"Ndine."

"Ine ndinalandira. Kodi tsiku limenelo ndinasanduka wopemphetsa?"

"Ayi, amayi! Sindinaganizepo choncho."

"Ndiye chimene sichinandichepetse ine chikuchepetsani bwanji inu? Kapena ine ndinali wochepa kale?"

A Kanyumbu anachotsa manja kumaso.

"Ndipo musayese kuti tikungokumverani chisoni," anapitiriza Nagama. "Tikudzimvera tokha. Inu mukachoka, ine ndikadzadwala adzandinyamula ndani? Machira ali ndi mbali ziwiri. A Gwaza ndi mmodzi."

"Ndiponso ali ndi msana," anatero Nankhoma.

"Msana ndili nawo," anavomera a Gwaza.

Pamenepo Nachisale anagwada pafupi ndi amuna ake, n'kulankhula motsitsa, moti enawo anamva pang'ono chabe.

"Bambo a Tikhale, kwathu kuja munkapempha chifukwa malo anali a eni. Ndinkaona, ndipo zinkandiwawa nanenso. Koma pano mwini ndani, mkamwini ndani? Tonse tinafika ndi fumbi kumapazi. Ine sindikufuna kuchoka."

Kenaka, tho! Dontho linagwera m'lichero, pachimanga chofiirira chija. Tho! Lina linagwera pamphumi pa Tikhale, mwana n'kuyetsemula. Kuchigwa kunagunda.

A Kanyumbu anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Anayang'ana lichero. Kenaka anatembenukira kwa a Gwaza.

"Achimwene, mvula iyi ndi iti?"

"Iyi ndi yeniyeni."

"Mukunenetsa? Ulendo uno ndayamba ndafunsa."

Nankhoma anaseka mpaka anagwira mkuyu. A Kanyumbu anawerama, anafungatira lichero pachifuwa kuti mbewu isanyowe, n'kuthamanga nalo kunyumba kwawo. Kwawo, ana inu, osati kwa Nankhoma, osati kwa Nagama. Dengu lija la paulendo silinayende ulendo. Linakhala losungiramo khobwe mpaka linatha.

M'mawa mwake anabzala onse pamodzi, munda uwu, kenaka uwo, kenaka uwo. Mvula inagwa ndipo sinaleke.

Mbewu zitamera, tsiku lina a Kanyumbu ankadutsa m'mbali mwa munda wa Nagama. Anaima. Kumapeto kwa mundawo kunali mizere isanu ndi umodzi yopanda kanthu. Yolima bwinobwino, koma yopanda mmera ndi umodzi womwe. Pamenepo anazindikira kumene kanjerenjere uja anachokera. Nagama sanapereke zotsala ayi. Kathumba kake kanali kakang'ono kuyambira pachiyambi, ndipo anatapa pa mizere yake yomwe. Sanauze munthu.

A Kanyumbu nawonso sanauze munthu. Anapita pakhomo pa Nagama.

"Odi, amayi. Ndibwerekeko khasu."

"Lanu latani?"

"Laguluka."

"Si ilo ndikuliona pakhonde panu, lili ndi mpini womwe?"

"Laguluka basi."

Nagama anaika dzanja pakamwa, n'kupereka khasu.

A Kanyumbu anatsikira kukasupe, kumene mbewu yawo ya mbatata ija inali itayanga. Anadula mtolo waukulu. Anakaunda mizere isanu ndi umodzi ija, anaoka mbatata kuyambira uku mpaka uko. Dzuwa litapendeka anabweza khasu, atalimangirira kamtolo ka kholowa wa ndiwo.

"Khasu silibwerera lopanda kanthu," anatero.

"Ndi mwambo umenewo," anayankha Nagama.

Chaka chimenecho, mwezi wa njala utafika, kanjerenjere wa m'munda mwa a Kanyumbu ndiye anayamba kucha, ndipo mabanja atatu anadya mondokwa pamodzi. Pambuyo pake mbatata ya m'mizere ya Nagama inawafikitsa m'chisanu. Pokolola anapeza chodabwitsa. Poti mbewu zija zinasakanikirana m'lichero, chimanga cha a Kanyumbu chinabereka chamawangamawanga: njere yoyera, njere yofiirira, njere yaing'ono, zonse pachitsononkho chimodzi.

Chilimwe chotsatira kunafika banja lachinayi, la anthu otopa, opanda kanthu, amanyazi. Anagona pansi pa mkuyu. Kutacha anamva mawu.

"Odi kuno! Ndibwerekeko kambale kako, mwanawe. Kanga kasweka."

Anali a Kanyumbu.

Mabanja anayi anakhala khumi. Khumi anakhala makumi atatu. Aliyense wofika ankadabwa kuti anthu a pamkuyu n'ngosasamala ziwiya zawo, poti tsiku loyamba lomwe amabwera kudzabwereka. Ankazindikira mochedwa, mtsuko utadzaza. Apaulendo anayamba kutula katundu pamphambano paja, amayi n'kumayala maungu ndi mbatata mumthunzi. Umo ndi mmene msika unayambira. Chigayo ndi sukulu zinabwera pambuyo. Tikhale anakulira pompano, anakalambira pompano, pafupi ndi khomo limene mayi ake anakwirira mchombo.

Tsono potonola chimanga, mukapeza china chamawangamawanga, musachiponyere nkhuku. Chiikeni padera. Ndipo mbale ija tinabwereka kwa anzathu a kuseriku isapite yopanda kanthu.

Nthano yanga ndapeta, mankhusu auluka, yathera pompa. Njere yotsala m'lichero ndi iyi: pomupatsa mnzako, um'patse mwa njira yoti alandire ali chiimire.